Madzi Kumanzere

Sabata yatha kunabwera kalata ya munthu amene tinamuika m'manda zaka ziwiri zapitazo. A positi sanalakwitse. Dzina linali lomwelo, Zakeyo Nkhoma, nambala ya nyumba yomweyo, Bwacha, Kabwe. Mwana wawo Dorika anadutsa nayo pampanda kudzandipatsa ine, chifukwa Chichewa cholemba cha kumudzi chimamuzunguza mutu. Iye anakulira Chibemba cha kusukulu ndi Chinyanja cha pamsika. Kalatayo inali ya mizere isanu ndi umodzi, yochokera kwa mdzukulu wa mlongo wawo ku Nkhotakota. Mpunga wacha bwino. Ng'ona inagwira mbuzi ziwiri. Mayi Nabanda anatisiya mwezi wathawu, tinawaika Lachinayi.

"Ni bandani aba ba Nabanda, ba neba?" anafunsa Dorika.

Ndinamuuza kuti andipatse masiku angapo, ndimuyankha papepala. Bambo ake anandimanga pakamwa pa nkhani ya mayi amenewa, nati ndidzamasuke tsiku limene ndidzamve kuti apita. Ndamva.

Ndiyambe ndavomera mlandu wanga. Mu Bwacha muno ndimadziwika kuti nkhani ndimaithira nsinjiro. A Nkhoma, amene ndinagawana nawo mpanda zaka makumi awiri ndi zitatu, ankanena kuti ine ndikati kwacha, munthu wanzeru ayambe watuluka panja kukaona. Koma zonse ndilembe apa ndi zoona. Ndikulumbira, ndipo wokayika akafunse Dorika, amene sakudziwapo kanthu.

A Nkhoma anali ndi chifuwa. Amuna onse amene anagwira ntchito pansi mu mgodi wa mtovu uja ali nacho, koma chawo chinali chophunzira. Chinkadziwa nthawi yake. Pamaliro, wowerenga mbiri akati malemu anali munthu wa mtendere, pamene tonse tikudziwa kuti anagulula mkazi wake dzino, kumbuyo kwa khamu kunkamveka kutsokomola kumodzi, kouma. Sankalankhula, sankayang'ana munthu. Wowerengayo ankabwerera yekha mzere umodzi n'kukonza kuti malemu ankayesetsa. Zinafika poti mabanja ankabwera ndi pepala la mbiri m'mawa wa tsiku la maliro kuti madalawo ayambe aliona. Mlaliki wina wochokera ku Katete anadula ulaliki wake pakati atamva kutsokomola kachiwiri, nafulumira kuitanitsa nyimbo. Pambuyo pake tinapeza kuti tsiku limenelo chinali chimfine chenicheni.

Bodza ankadana nalo ngati mmene ena amadanirana ndi njoka. Ankati n'chimodzimodzi kamchenga kolowa mu nsapato: mailo oyamba sukamva, koma ukafika mailo a khumi ndiko kamakuuza mayendedwe. Mkazi wawo, amake Dorika, anasiya kuwafunsa ngati ndiwo zakoma chaka choyamba cha ukwati. Ine tinakangana nawo miyezi inayi chifukwa cha mgwafa wa pampanda. Ndinauza alendo kuti mtengowo ndinabzala ndine. Iwo, ali kuseri kwa mpanda, osaoneka n'komwe, anatsokomola. Unabzalidwa ndi mbalame.

Chachiwiri chimene aliyense ankawadziwira ndi kuyenda. Basi sankakwera. Kutauni wapansi, kuchipatala wapansi, maliro a ku Makululu wapansi, ndipo ankafika basi isanafike, poti mabasi a masiku amenewo analinso ndi chifuwa chawo. Poyenda, ngalande ya m'mbali mwa msewu inkayenera kukhala kudzanja lawo lamanzere. Pobwerera ankawoloka msewu kuti ngalande ya tsidya linalo ikhalenso kumanzere. Ana a Chibemba anawapatsa dzina loti ba Kumanzere, osadziwa tanthauzo lake, ndipo iwo ankavomera.

Chifukwa chake n'chakuti tsiku limene ankachoka kwawo, mudzi wa m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa mtsinje wa Bua, amalume awo anawapatsa mapu a mawu anayi okha: madzi kumanzere, osawasiya, basi. Akayenda choncho afika ku Salima, kumene njira imakwera mtunda kupita ku Lilongwe, Fort Jameson amene lero ndi Chipata, mpaka kumigodi. Pobwerera kwawo madzi adzakhale kumanja. A Nkhoma ankati iwo sanabwerere kukakhazikika, ndiye alibe chilolezo chosintha dzanja.

Za madzi sankafuna chibwana. Chaka china mpingo unakonza ulendo wa lole kukaona damu la Mulungushi, ndipo tinawanyengerera mpaka anakwera. Titafika, mkulu wa mpingo mnzawo, a Zulu, anatambasula mkono.

"Nayo nyanja yanu, a Nkhoma. Mwafika kwanu."

Madalawo anayang'ana nthawi yaitali ali pamwamba pa lole.

"A Zulu, zakuda zili ukozo n'chiyani?"

"Ni mitengo ya tsidya."

"Madzi amene ukuwerenga mitengo ya tsidya lake ndi chithaphwi chaulemu."

Sanatsike. Anakhala pa lolepo tsiku lonse, atafulatira damu, akudya chinangwa chawo. A Zulu sanalankhule nawo mpaka Khirisimasi.

Nkhani yawo yaikulu, imene ana ndi akulu ankaipempha, inali ya khadi. Inachitika pa ulendo umodzi wokha umene anapita kumudzi, zaka zochepa dziko lino litakhala la chipani chimodzi. Anayenda bwino pa sitima ndi pa basi mpaka ku Salima. Pamenepo, pakhomo la basi yopita ku Nkhotakota, panaima anyamata awiri ofunsa makhadi a chipani. A Nkhoma anapisa m'thumba mosatekeseka natulutsa khadi lawo la kuno ku Zambia, lolipira bwino, lokutidwa m'pulasitiki.

"Madala, khadi ili ndi la chipani chiti?"

"Mwana wanga, chipani n'chimodzi. Tinauzidwa pa wailesi."

"Chimodzi chake si chimenechi. Gulani lathu, apo ayi basi simukwera."

A Nkhoma anaganiza. Ndalama anali nazo. Koma anaona kuti akaika makhadi awiri m'thumba limodzi, lililonse likunena kuti chipani n'chimodzi, ndiye kuti limodzi mwa iwo likunama, ndipo wonyamula bodzalo ndi iwo. Anabweza khadi lawo m'thumba, nafunsa njira ya kunyanja. Anyamata aja anaseka mpaka kugwirana mapewa. Munthu wa zaka makumi asanu ndi kanthu, wa chifuwa, wa nsapato za nsalu, m'khosi atakoleka jombo zachikopa ndi zingwe zake.

Jombozo sizinali zawo, ndipo ndizo zinawapititsa. Apa ndiyenera kubwerera m'mbuyo kuti mumudziwe Filimoni.

Kumudzi anachoka awiri, onse anyamata, onse opanda nsapato. Filimoni anali atangokwatira miyezi itatu. Anauza mkazi wake, Nabanda, kuti akakhala zaka ziwiri, ndipo adzabwera ndi makina osokera m'manja, nsapato kumapazi. Anafika ku Broken Hill, Kabwe wa lero, analowa mu mgodi tsiku limodzi, nambala zawo zotsatizana. Chaka choyamba sanalembe kalata chifukwa panalibe chotumiza nayo. Chachiwiri sanalembe chifukwa cha manyazi a chaka choyamba. Kuyambira pamenepo manyazi ankabereka anzake. Kwathu anthu otere amatchedwa machona, opita osabwerera, ndipo mu Kabwe muno theka la ife ndife ana awo. A Nkhoma anakwatira kuno. Filimoni ayi. Akazi a ku Makandanyama, kumene ankakhala m'chipinda chimodzi, ankamuyamba ndithu, poti anali wamtali ndi woimba bwino, koma iye ankati ali ndi mkazi kunyanja. Makina anagula kawiri, nagulitsa kawiri. Zaka zinakwana makumi atatu ndi chimodzi.

Chifuwa chake chitamugoneka m'chipatala, a Nkhoma ankapita masana aliwonse. Tsiku lina Filimoni anawagwira mkono.

"Zakeyo, jombo zanga zili pansi pa bedi."

"Ndaziona."

"Ukamupatse Nabanda. Aone kuti ndinavalako nsapato. Ndipo ukauze abale anga amusudzule, asamandidikire."

"Ndiwalembera kalata."

"Maliro salowa mu envelopu. Upite wekha."

Kwa amene anakulira m'tauni: mkazi wamasiye samadzimasula yekha. Abale a mwamuna amakhala pansi n'kumusudzula, ndiko kumuuza pamaso pa anthu kuti ukwati watha, ali mfulu kubwerera kwawo kapena kukwatiwanso. Popanda zimenezo amakhalabe mkazi wa munthu, kaya munthuyo ali ku Broken Hill kaya ali kumwamba. Amuna awiriwa, m'mitu mwawo, ankaona Nabanda ali chikhalire pakhomo lomwe lija zaka zonsezi. Filimoni tinamuika kuno. Jombo zinapachikidwa pa msomali pakhonde pa a Nkhoma miyezi itatu, podikira tchuthi, ndipo Lamlungu lililonse ankazitsitsa n'kuzipaka polishi.

Ndiye tsiku lija ku Salima anatsikira kunyanja, naika madzi kumanja kwa nthawi yoyamba, nayamba kuponda.

Ulendowu ankaufotokoza tsiku ndi tsiku, osadumpha, ndipo ukadzuka kukamwa madzi ankakudikira. Ankati mchenga wa nyanja uli mitundu iwiri. Wouma umakudya mawondo, ndipo dzuwa likakwera umakuwotcha ngati chiwaya. Wonyowa, kamzere kamene funde langochokapo, ndiwo msewu, koma ndi wopendekeka, moti pofika madzulo mwendo wakumanja umakhala utatalika. Nsapato zawo za nsalu zinatha tsiku lachitatu. Kuyambira pamenepo anayenda chosavala, mapazi a munthu amene wakhala m'jombo zaka makumi atatu, ofewa ngati a khanda. Pa miyala ankang'ambika, pa bango ankabayika. Asodzi ankawaimitsa.

"Bambo, mapazi akutuluka magazi, nsapato zili m'khosi. Mutu uli bwino?"

"Si zanga."

"Mwini wake akuonani?"

"Kwambiri."

Chakudya ankachipeza ndi manja. Akapeza anthu akukoka khoka, ankaika jombo pouma n'kugwira chingwe, ndipo wokoka nawo sabwerera chimanjamanja. Anadya usipa wowotcha ndi kondowole masiku khumi ndi awiri, nati m'mimba mwawo munakumbukira zonse pamene mapazi anali ataiwala. Chovuta chinali mitsinje. Nyanja ilibe chinyengo, koma pamene mtsinje ukuthira ndi pamene ng'ona zimachitira misonkhano. Pakamwa pa dziwe la Chia anadikira bwato theka la tsiku. Pa kamtsinje kena kopanda bwato anawoloka madzi ali m'chifuwa, jombo zili pamutu, ndipo ng'ona ina inawaperekeza mpaka tsidya, n'kubwerera itaona kuti katunduyo ndi wa maliro. Za ng'onazi ndawonjezera ndine, koma ndinazinena pamaso pawo kangapo ndipo anangotsokomola pang'ono, ndiye mwina ng'ona inalipo.

Mwera unawomba masiku atatu, mchenga ukulowa m'mano. Tsiku lina mtambo wa nkhungu, tizilombo tija touluka, unatera pagombe, nayenda maola awiri atatseka pakamwa, chimene amake Dorika ankati n'chozizwitsa choposa cha ng'ona. Ndipo paliponse ankapeza kuti nyanja yakwera. Mitengo imene anapumirapo ndi Filimoni popita inali itaima m'madzi mpaka m'chiuno. Ankaziuza jombo: apa ndi paja unasanza nsomba yowola, apa ndi paja unafuna kubwerera. Ankati ulendo wonsewo sanayende okha, koma mnzawoyo anali wosayankha kuposa kale.

Chodabwitsa chinali mathero. Munthu amene ankatha ola lathunthu kufotokoza za mchenga, akafika pamudzi nkhani inkatha ndi mpweya umodzi. Ndinapereka jombo, zonse zinalongosoka, ndinabwerera. Akatero ankatsokomola kamodzi, kouma, n'kupempha madzi. Zaka zonsezo palibe mmodzi wa ife anazindikira. Tinkati ndi fumbi la mgodi.

Chilimwe chawo chomaliza, miyendo itatupa moti sankafikanso kumsewu, anandiitana pampanda dzuwa litangokwera.

"A neba, bwerani ndi mpando. Inu ndinu wabodza, mundimvetsa."

Sindinakhumudwe. Munthu akakuitanira ntchito imene umaidziwa, umapita.

Anati atafika, mudzi sanaupeze. Pamene panali nyumba ya mayi awo panali madzi ndi mabwato awiri. Anthu anali atasamukira kumtunda. Woyamba kuwazindikira anali mlongo wawo Esinati, amene ankachokera kumunda. Sanakuwe. Anawerama, natapa dothi, nawawaza nalo pachifuwa kuti aone ngati asungunuka. Ataona kuti angotsokomola, anakhala pansi pomwepo n'kulira.

Kenako anawatengera kuseri kwa nkhokwe, anthu asanasonkhane, nawauza zonse. Chaka chachinayi chichokereni iwo, munthu wina wobwerera kumigodi anafika ndi uthenga wakuti mwala unagwera anyamata awiri a ku Kota Kota ku Broken Hill. Mayina sanawagwire bwino, koma awiri osalemba makalata analipo odziwika. Mudzi unalira. Poti mitembo panalibe, anadula mathunthu awiri a nthochi, nawakulunga m'mphasa, nawaika m'manda awiri oyandikana. Abale a Filimoni anamusudzula Nabanda mwa dongosolo lonse. Patapita chaka anakwatiwa ndi msodzi wina, a Mbewe, ukwati wa m'tchalitchi. Tsopano a Mbewe anali mkulu wa mpingo, Nabanda ndiye woyambitsa nyimbo kwa amayi, ndipo anali ndi ana asanu ndi awiri.

"Achimwene, jombo izi n'zandani?"

"Za Filimoni. Wamwalira mwezi wa Malichi."

"Malichi wa chaka chiti?"

"Chino."

Esinati anawagwira pakamwa ndi dzanja la dothi lija.

"Mukakanena zimenezo pabwalo, ndiye kuti mayi uja wakhala ndi mwamuna wina zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi mwamuna wake ali moyo. Amudula mu mpingo. A Mbewe awatsitsa. Ana aja atchulidwa dzina limene inu simungafune kulimva. Ndipo mng'ono wake wa Filimoni ndi munthu wokonda milandu."

"Koma sanadziwe."

"Amene adzaweruze adzati akanadikira."

Tsiku lotsatira anapempha kuona manda. Anakhala pakati pa milu iwiri, wawo ndi wa mnzawo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mu Bwacha mumamveka kuti pamanda awo panamera nthochi ndipo anadyako. Imeneyo ndinayambitsanso ndine, ndipo lero ndikuibweza. Panali udzu basi, ndi mtanda wathabwa wodyedwa ndi chiswe, wotsala zilembo zitatu za dzina lawo.

Anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango masana a tsiku lachitatu. Abale a Filimoni mbali ina, a Mbewe ndi akulu a mpingo mbali ina, Nabanda pamphasa pakati pa amayi, atazolika. A Nkhoma anavula jombo m'khosi naziika pakati. Khungu la m'khosimo linali litanyuka ndi zingwe. Mng'ono wake wa Filimoni ndiye anafunsa.

"Inu mwauka, tathokoza. Nanga mkulu wanga anamwalira liti?"

A Nkhoma anandiuza kuti anayang'ana jombo, kenako anayang'ana ana a Nabanda ataima kumbuyo motsatana misinkhu, wamkulu atabereka kale khanda.

"Chaka chomwe munamva. Uthenga unalakwa theka. Mwala unagwera iye, ine unandiphonya."

"Ndiye jombozi mukubwera nazo lero?"

"Ndinachedwa panjira."

Palibe anaseka. A Mbewe anadzuka, natola jombo imodzi, naitembenuza. Msodzi amadziwa msinkhu wa chingwe pongochigwira. Zingwezo zinali zatsopano, chidendene chosadyeka, chikopa chikununkha polishi wa sabata zitatu zapitazo. Anaiyang'ana nthawi yaitali kwambiri, naiika pansi pafupi ndi inzake, nazilinganiza bwinobwino.

"Mwazisunga bwino, a Nkhoma."

"Ndimapaka Lamlungu lililonse."

"Zikuoneka."

Jombozo anakazikwirira madzulo omwewo m'manda a nthochi a Filimoni aja, ndi pemphero ndi nyimbo imodzi. Anayambitsa nyimboyo ndi Nabanda.

"Pansi pa mango paja chifuwa chinabwera," anandiuza a Nkhoma, akuloza pakhosi. "Chinafika apa. Ndinachimeza. Chilipobe."

Anachoka m'mawa wa tsiku lachisanu, wapansi, poti khadi linali lomwe lija. Atadutsa minda ya mpunga, pamene njira imatsikira kumchenga, anapeza Nabanda ataima yekha ndi kamtolo ka chinangwa chowotcha m'kansalu. Anawapatsa ndi manja awiri. Sanawayang'ane kumaso.

"A Nkhoma, anali ndi imvi?"

Munthu wophedwa ndi mwala ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi sakhala ndi imvi. Onse awiri ankadziwa zimenezo. Panalibe mkulu wa mpingo, panalibe mlamu, panali madzi okha.

"Pang'ono. M'mbali umu."

"Anakwatira?"

"Iyayi. Ankati ali ndi mkazi kunyanja."

Mayiyo anakonza mpango wake kumutu.

"Akanangokwatira," anatero. "Pitani bwino. Madzi akhale kumanzere."

Atamaliza kundifotokozera, madalawo anasisita bondo. Kenako anandifunsa, monga munthu afunsira mmisiri, ngati limene lija linali bodza lenileni. Ndinawayankha mwa ukatswiri wanga kuti linali bodza losauka, lalifupi, lopanda nsinjiro, loti ine sindingalitulutse pagulu. Koma kuti sindinaonepo bodza langa lililonse litanyamula ana asanu ndi awiri. Sanaseke.

"Filimoni anandituma kukamumasula," anatero. "Ndinapeza ali womasuka kale. Chingwe ndinabwera nacho ndine, m'kamwa. Koma ndinamupha mnzanga zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri asanafe. Zaka zonse zija anakhala yekha m'chipinda chija, akukana akazi, ndinazifufuta ndi mawu awiri. Kumeneko palibe akudziwa kuti anadikira, koma mayi mmodzi."

Ndipamene anandilumbiritsa kuti ndisanene mpaka Nabanda atapita. Anati ndikanena msanga palibe angakhulupirire poti ndine, koma asaike moyo wa mayiyo pa mbiri yanga yokha.

A Nkhoma anamwalira mvula yoyamba itagwa. Banja linandipempha kuwerenga mbiri, mwina poona kuti tsopano palibe wondiletsa. Ndinawerenga za mgodi, za mpingo, za ana. Kenako ndinafika pa mzere umene Dorika analemba yekha, wakuti bambo athu sananamepo chibadwire. Ndinauwerenga mokweza, n'kuima. Pamandapo panali amuna a mu mgodi osachepera zana, aliyense ndi chifuwa chake. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, palibe ngakhale mmodzi anatsokomola.

Dorika wavomera kuti kumudzi sanalembeko za malirowo. Ankati alemba mwezi wamawa, kenako anachita manyazi ndi mwezi wathawo. Magazi a machona sasowa. Choncho anthu amene anawaika m'manda ali moyo akuwalembera makalata atamwalira. Dzulo anandifunsa ngati ayankhe pa positi. Ndinamuuza zimene Filimoni ananena za envelopu, ndi kuti kumeneko manda a bambo ake alipo kale, akungodikira wina akawauze kuti tsopano ndi oona. Ndamuona kale akufunsa anthu za mabasi a ku Chipata.

Lero m'mawa ndinadutsa pampanda ndi kalata ija. Pakhonde pawo mpando unachotsedwa, koma miyendo yake inasiya timaenje tinayi pa simenti, ndipo khoma lili ndi chibanga chakuda pamene ankatsamira mutu. Msomali uja ulipo. Chibwerereni kunyanja sanalole munthu kupachikapo kanthu, ngakhale chipewa, ndipo mpaka lero a m'nyumbamo amaulambalala osadziwa chifukwa. Kutsogolo, m'mbali mwa ngalande, kanjira kamene mapazi awo anakumba kayamba kumera chisoso.

Ndinaima pa timaenje tija n'kuwerenga kalatayo mokweza: mpunga, ng'ona, mbuzi, Lachinayi. Pomaliza ndinawonjezera mzere umene mulibe. Ndinati mayi Nabanda asanatsirizike anati akuthokoza. Ndinaunena pang'onopang'ono, kuti umveke bwino kuti ndi wanga, ndipo ndinadikira.

M'nyumba Dorika ankasesa. Mgwafa wa mbalame uja unagwetsa tsamba. Mu ngalande madzi a mvula ya dzulo ankatsika kulowera kumsewu, ndipo nditatembenuka kuti ndizipita ndinaona kuti ali kumanja kwanga. Ndinawoloka.